Kasinthidwe ka magetsi m'boti: mabatire, sola, jenereta ndi magetsi a kumtunda

Boti likangokhala ndi firiji, wailesi yolankhulirana, mababu ndi malo otchajira mafoni, moto wake suchokeranso pamalo amodzi. Pamakhala batire lolizira injini, batire lina la zinthu za m'boti, alternator ya injini (kachipangizo kotchaja mabatire injini ikamalira), sola padenga, ndipo ena amawonjezera jenereta, inveta (yosandutsa moto wa batire kukhala ngati wa m'nyumba) komanso chingwe cholumikiza ku magetsi a kumtunda akakocheza pajeti. Maboti onyamula alendo ku Cape Maclear, Senga Bay kapena Nkhata Bay afika pamenepa, ndiponso asodzi amene anasiya nyali za parafini n'kuyamba kuunikira usipa ndi mababu a batire ali panjira yomweyo. Zipangizo zambiri zimapsa osati pamene zikugwira ntchito, koma pa kamphindi kamene munthu akuchoka pa gwero lina la moto kupita pa lina.

M'boti muli magetsi amitundu iwiri, ndipo malamulo osinthira mtundu uliwonse ndi otsutsana. Mtundu woyamba ndi DC wa 12V, wochokera m'mabatire, ku alternator ndi ku sola. Lamulo lake n'lakuti injini ikamalira isakhale yopanda batire ngakhale kwa sekondi imodzi. Mtundu wachiwiri ndi AC wa 230V, ngati wa m'nyumba, wochokera kumtunda, ku jenereta kapena ku inveta. Lamulo lake n'lakuti magwero awiri asakumane ngakhale kwa sekondi imodzi. N'chifukwa chake swichi ya mabatire imagwira batire lachiwiri isanasiye loyamba, pamene swichi ya 230V imayamba yasiya gwero loyamba, n'kudutsa pa OFF, kenako n'kugwira lachiwiri. Musagule swichi ya mtundu wina kuti igwire ntchito ya inzake, ngakhale zitaoneka zofanana pashelefu.

Yambani n'kuwerengera moto umene mumadya

Musanakhudze swichi iliyonse, khalani pansi ndi pepala. Pa chipangizo chilichonse lembani ma amp amene chimakoka n'kuchulukitsa ndi maola amene chimayaka patsiku; yankho lake ndi ma Ah, muyezo womwewo umene amalemba pa batire. Ngati pachipangizopo analembapo ma watt okha, gawani ndi 12. Mwachitsanzo, kafiriji kokoka 4A kamene kamalira theka la tsiku kamadya 48Ah. Mababu 6 a LED a 3W lililonse amakoka 1.5A onse pamodzi, ndipo pa maola 5 ndi 7.5Ah. Wailesi yongomvetsera maola 10, babu la panangula usiku wonse ndi mafoni a anthu angapo zingawonjezere ngati 17Ah. Zonse pamodzi mwadutsa 70Ah. Kwa msodzi, mababu 4 a 20W amakoka pafupifupi 6.7A, ndipo pa maola 8 a usiku adya 53Ah.

Batire la asidi lolembedwa 100Ah silikupatsani 100Ah yonse. Mukamalitsitsa kupitirira theka kawirikawiri limakalamba msanga, choncho werengerani 50Ah basi. Boti la m'chitsanzo choyamba lija likufunika mabatire osachepera 150Ah ku mbali ya zinthu za m'boti, ndipo msodzi uja, ngati batire lake ndi la 100Ah, wadutsa kale theka lake kusanache. Gulani mita ya manambala yoyezera ma volt. Batire limene lapuma maola angapo osatchajidwa komanso osakokedwa moto likasonyeza 12.6V kapena 12.7V ndiye kuti n'lodzaza, 12.2V ndi theka, ndipo pansi pa 12.0V mukulipha. Likamatchajidwa mita imayenera kusonyeza pakati pa 13.8V ndi 14.4V. Manambala amenewa alembeni ndi penti pafupi ndi mita kuti aliyense wa m'botimo aziwaona.

Batire lolizira injini ndi lakuya la zinthu za m'boti n'zosiyana kapangidwe. Loyambalo limatulutsa moto wambiri kwa masekondi ochepa, ngati la galimoto. Lachiwirilo, limene ogulitsa amalitcha deep cycle kapena la sola, limatulutsa moto pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Batire la galimoto mukaliika pa firiji silichedwa kufa.

Swichi ya mabatire: 1, 2, BOTH, OFF

Pa swichi yozungulira imeneyi, ikani batire la injini pa 1 ndipo la zinthu za m'boti pa 2. Mata kapepala kolemba zimenezi, chifukwa tsiku lina botilo lidzayendetsedwa ndi munthu wina.

Ponyamuka, tembenuzani swichi ifike pa 1, muone mita, kenako lizani injini. Ngati injini ndi ya petulo ndipo ili m'chipinda chotsekeka, yambani mwayatsa chokupiza mpweya kwa mphindi 4 ndipo mununkhize pansi pa boti, popeza nthunzi ya petulo imalemera n'kukakhala pansi pomwe kamoto kakang'ono kangaiyatse. Injini ikalira, onani ngati mita yakwera kupitirira 13V. Ikapanda kukwera ndiye kuti alternator sikutchaja, ndipo ndi bwino kudziwa zimenezi mukadali pagombe kusiyana ndi kuzidziwira pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma.

Siyani swichi pa 1 kwa mphindi 15 kapena 20 kuti batire la injini libwezeretse moto umene lawononga polizira. Kenako pitani pa BOTH kuti onse awiri azitchajidwa, kapena pa 2 ngati la m'boti latsika kwambiri ndipo mukufuna kuti moto wonse upite kumeneko. Pochoka pa 1 kupita pa 2, dutsirani pa BOTH nthawi zonse. Musadutsire pa OFF. Alternator ikamapanga moto n'kupezeka kuti batire lachotsedwa mwadzidzidzi, mphamvu imakwera kwambiri pakanthawi kochepa n'kuotcha ma diode ake, ndipo nthawi zina imapsetsanso wailesi, GPS ndi chilichonse chimene chinali choyaka. Injini za kumbuyo zokhala ndi rectifier, kachipangizo kotchajira batire, nazonso zimaonongeka chimodzimodzi. Pali maswichi ena amene ali ndi kawaya kozimitsa alternator asanafike pa OFF, koma ngati simunaone ndi maso kuti yanu inalumikizidwa motero, itengeni ngati ilibe.

Mukafika, n'kuponya nangula ndi kuzimitsa injini, tembenuzani swichi ifike pa 2 nthawi yomweyo, musanatsegule botolo lililonse. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Swichi ikatsala pa BOTH usiku wonse, firiji ndi mababu zimakoka mabatire onse awiri mofanana, ndipo m'mawa kiyi imangolira tche tche. BOTH ndi malo odutsirapo ndi otchajira injini ikulira, osati ogonapo.

Ineyo ndimaona kuti boti limene limayendetsedwa ndi anthu osinthanasinthana lisadalire kukumbukira kwa munthu. Pali kachipangizo kotchedwa VSR, ena amati ACR, kamene kamalumikiza mabatire awiriwa kokha kakaona kuti kutchaja kwayamba, nthawi zambiri mita ikafika cha pa 13.3V, n'kuwalekanitsa ikatsika cha pa 12.8V. Mukakaika, batire lililonse limakhala ndi swichi yakeyake ya ON ndi OFF, kuphatikizapo kaswichi kachitatu kowaphatikiza pa ngozi. Ndalama yake siifika pa mtengo wa alternator yatsopano.

Amene agula mabatire a lithium a mtundu wa LiFePO4 asamale kawiri. Mita siithandiza kwenikweni pa mabatire amenewa, chifukwa imakhala cha pa 13.2V kwa nthawi yaitali kenako n'kugwa mwadzidzidzi, choncho pamafunika mita yowerengera ma amp olowa ndi otuluka. Chachiwiri, kabokosi kake koteteza, BMS, kamatha kudula moto kokha, zimene kwa alternator n'chimodzimodzi ndi munthu kutembenuzira swichi pa OFF. Batire la lithium lizitchajidwa kudzera pa tchaja ya DC-DC yochokera ku batire la injini, ndipo musaliphatikize ndi la asidi pa BOTH.

Pampu yokapa madzi yokha isadutse pa swichi imeneyi. Ilumikizeni ku batire mwachindunji ndi fyuzi yakeyake, kuti izigwirabe ntchito mvula ikagwa kapena mwera ukamakhavulira madzi m'boti inu muli kumudzi. Ndipo waya aliyense wochoka pa pulasi ya batire akhale ndi fyuzi pafupi ndi batirelo. Malamulo a bungwe la ABYC ku America amati isatalikire kupitirira mainchesi 7, omwe ndi ngati masentimita 18, kupatula waya wa sitata. Fyuzi imateteza waya, osati chipangizo. Waya wopanda fyuzi akakhudza chitsulo amafiira ngati khala, ndipo boti la matabwa kapena la fibreglass silizimitsika msanga.

Sola

Sola siifuna kusinthidwa tsiku ndi tsiku. Ilumikizeni ku batire la zinthu za m'boti kudzera pa controller, kabokosi kowongolera moto wa sola, mbali ya batire osati kuseri kwa swichi, kuti izitchaja ngakhale swichi ili pa OFF. Polumikiza, yambani ndi batire kenako sola. Pochotsa, yambani ndi sola, kapena iphimbeni ndi nsalu, kenako batire. Controller zambiri zimazindikira ngati zili pa 12V kapena 24V poona batire, ndipo zina zimapsa zikalandira moto wa dzuwa popanda kolowera. Musamayembekezere manambala a pachikwangwani: sola ya 200W pa tsiku la dzuwa labwino ingakupatseni ngati 50Ah kapena kuposerapo pang'ono, ndipo chithunzithunzi cha mlongoti, kapena zitosi za akakowa ndi mphipi, zimatsitsa kwambiri.

Magetsi a kumtunda

Kuno kwathu magetsi a ESCOM ndi 230V pa 50Hz, ndipo soketi wamba ya mano atatu imapirira 13A, kutanthauza pafupifupi 3,000W. Soketi zabuluu zozungulira za panja ndi za 16A, pafupifupi 3,700W, ndipo ndi zimene zili zoyenera pajeti chifukwa zimatsekeka madzi asalowe. Komabe m'malo ambiri a m'mbali mwa nyanja chimene mungapeze ndi chingwe chochokera ku loji kapena ku shopu. Chingwe chimenecho chikhale chimodzi chathunthu, cha mawaya atatu, chopanda mfundo zomata ndi tepi, ndipo chisagwere m'madzi pena paliponse.

Polumikiza, tsatani ndondomeko iyi osadumpha. Zimitsani breaker yaikulu ya 230V m'boti, swichi ija imene imagwa yokha moto ukachuluka, ndipo swichi yosankhira gwero ikhale pa OFF. Zimitsaninso soketi ya kumtunda. Lowetsani chingwe m'boti poyamba n'kuchimanga bwino, kenako pitani nacho kumtunda. Chifukwa chake n'chapafupi: mukayambira kumtunda, mukhala mukuyenda pajeti yonyowa mutagwira mutu wa chingwe chamoto, ndipo mukaterereka mugwera nacho m'madzi. Siyani chingwe cholendewera pang'ono kuti boti likamavina ndi mafunde lisachikoke. Mukatero yatsani kumtunda, mubwerere m'boti, muike swichi pa SHORE, kutanthauza kumtunda, n'kuona mita. Ikhale pafupi ndi 230V. Onaninso kababu kochenjeza ngati live (waya wobweretsa moto) ndi neutral (waya wobwerera) zatembenuzidwa, kapena gwiritsani ntchito kachipangizo koyezera soketi. Mawaya otembenuzidwa amachititsa kuti chipangizo chikhalebe ndi moto mkati ngakhale mwachizimitsa. Zonse zikakhala bwino yatsani breaker yaikulu, kenako zipangizo chimodzichimodzi, kuyambira ndi tchaja ya mabatire.

Pochotsa muzibwerera mmbuyo: zipangizo, breaker yaikulu, swichi pa OFF, zimitsani kumtunda, zulani kumtunda, ndipo pomaliza zulani m'boti n'kutseka chivundikiro cha soketi. Chitani zimenezi musanamasule zingwe zomangira boti.

Magetsi akathima muli olumikiza, zimitsani breaker yaikulu n'kudikira kuti abwere ndi kukhazikika. Malo ambiri ogona alendo amasinthira pa jenereta yawo kapena pa inveta ya sola magetsi akathima, ndipo tchaja yanu yaikulu ingawagwetsere zonse. Funsani eni malo kuti mungakoke zochuluka bwanji.

Pali ngozi ina imene anthu a kunyanja ya mchere saiopa kwambiri ngati mmene ifeyo tiyenera kuiopera. Madzi a Nyanja ya Malawi, Malombe ndi Shire alibe mchere, ndipo madzi otere sadutsitsa magetsi mosavuta. Thupi la munthu, pokhala ndi mchere, limadutsitsa bwino kuposa madziwo. Ndiye ngati boti likutayira moto wa 230V m'madzi chifukwa cha waya wosupuka kapena earth (waya wachitatu wothawitsira moto pansi) yoduka, motowo umasankha kudutsa mwa munthu wosambira pafupi. Moto wochepa kwambiri, wosakwana kuyatsa babu, umaumitsa minofu moti munthu amamira osakuwa, ndipo oona amangoti watopa kapena wagwidwa ndi ng'ona. Choncho boti likakhala pa magetsi a kumtunda kapena jenereta ikulira, pasapezeke wosambira, wochapa kapena wotsuka mbale m'madzi pafupi nalo. Ana a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja amakonda kudumphira pajeti, ndiye udindo wowaletsa ndi wanu. Wosambira akamva kunyerenyesa m'thupi abwerere kumene wachokera, asapite kujeti kapena kugwira makwerero achitsulo. Opulumutsa asadumphiremo, ayambe azimitsa magetsi, kenako amuponyere chingwe kapena choyandama.

Chimene chimateteza ndi breaker yozindikira moto wothawa, RCD ya 30mA, yoikidwa pomwe chingwe chalowera m'boti, pamodzi ndi breaker yodula live ndi neutral nthawi imodzi. Ili ndi batani lolembedwa TEST. Lidineni kamodzi pamwezi muone ngati ikugwa. Ikamagwa yokha kawirikawiri ndiye kuti pena pake moto ukuthawadi. Musaichotse, ndipo musadule waya wa earth kuti isiye kuvuta. Itanani wamagetsi wodziwa ntchito yake. Ngati boti ndi lachitsulo kapena limakhalitsa pajeti pamodzi ndi maboti ena, mufunseni za galvanic isolator, imene imaletsa timoto tating'ono todutsa mu earth timene timadya pulopela ndi zitsulo za pansi pa madzi. Pa zitsulo zimene amaziika dala kuti zizidyedwa m'malo mwa injini, za m'madzi opanda mchere zimakhala za magnesium, pamene zinc ndi ya kunyanja ya mchere; injini yogulidwa yakale kuchokera ku Durban kapena Dar es Salaam imatha kubwera ndi zinc.

Jenereta

Lizani jenereta swichi yosankhira ili pa OFF, isanasenze katundu aliyense, kutanthauza zipangizo zokoka moto. Ngati ndi yozizira ndi madzi a m'nyanja, suzumirani ngati madzi akutuluka ku ekizozi. Isiyeni itenthe mphindi ziwiri kapena zitatu, muone 230V ndi 50Hz pa mita, kenako ikani swichi pa GEN ndi kuyatsa zipangizo kuyambira chachikulu. Pozimitsa, chotsani katundu yense, swichi pa OFF, ilire yopanda kanthu mphindi zingapo kuti izizire, kenako izimitseni. Kuizimitsa ili ndi katundu kumatsitsa mphamvu pang'onopang'ono, zimene mota ya firiji ndi regulator ya jeneretayo sizikondwera nazo.

Pochoka pa magetsi a kumtunda kupita pa jenereta, imani pa OFF masekondi angapo. Magwero awiri a AC sayendera limodzi pokhapokha atagwirizanitsidwa ndi makina apadera, ndipo akakumana moto wake umakhala ngati wa shoti. Kuwonjezera apo, jenereta yolumikizidwa ku chingwe cha kumtunda imabweza moto m'mawaya a pamalopo, n'kupha munthu amene akukonza akuganiza kuti magetsi athima. Chingwe chokhala ndi pulagi ya mano mbali zonse ziwiri, chimene ena amapanga kuti alowetse jenereta pa soketi ya m'boti, chiduleni lero. Ngati mulibe swichi yosankhira, njira yotetezeka ndi kukhala ndi polowera pamodzi pokha: mumazula chingwe cha kumtunda n'kulowetsapo cha jenereta, moti ziwirizo sizingalowe nthawi imodzi.

Jenereta zonyamula m'manja za petulo sanazipangire boti, ngakhale ambiri amakwera nazo. Utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide, wosanunkha komanso wosaoneka, umene umayamba ndi mutu ndi chizungulire kenako tulo tosadzukanso. Ngati simungachitire mwina, ikhale panja poyera, yomangidwa, utsi ukupita kumene mphepo ikulowera, kutali ndi mawindo, ndipo pasakhale wogona m'chipinda ikulira. Musaithire petulo ili yotentha.

Inveta

Inveta imasandutsa 12V kukhala 230V, ndipo anthu amaikonda chifukwa ilibe phokoso. Koma onani masamu ake. Chipangizo cha 1,000W chimakoka ma amp opitirira 90 ku batire. Ketulo ya 2,000W imakoka pafupifupi 190A, moti batire la 100Ah silingaipirire. Madzi a tiyi wiritsani pa gasi. Inveta isiyireni laputopu, makamera ndi zida zing'onozing'ono, ndipo mafoni atchajeni pa 12V mwachindunji. Ikhale pa batire la zinthu za m'boti, ndi mawaya onenepa, aafupi, ndi fyuzi yakeyake. Muziizimitsa mukamaliza chifukwa imadya moto ngakhale palibe cholumikizidwa.

Chenjerani ndi tchaja ya mabatire. Ikakhala pa mzere umene inveta ikudyetsa, batire limadzitchaja lokha kudzera mu inveta, n'kumataya moto paulendo uliwonse mpaka kutheratu. Tchaja ndi chotenthetsera madzi zikhale pa mzere umene umalandira moto wa kumtunda kapena wa jenereta wokha. Ma inveta amakono okhala ndi tchaja mkati, monga a Victron, amasintha okha magetsi a kumtunda akabwera kapena akathima, ndipo mumatha kuwauza malire a ma amp oti akoke. Ubwino wake ndi womwewo umene uli ngozi yake: mutazula chingwe cha kumtunda, masoketi a m'boti amakhalabe ndi moto. Musanatsegule soketi kapena bokosi la mawaya, zimitsani invetayo ndipo yezani ndi mita. Nkhani ya pomwe neutral imakumana ndi earth isiyireni wamagetsi: zimayenera kukumana pa gwero limene likugwira ntchito nthawi imeneyo basi, ndipo zikalakwika RCD siigwa pamene ikufunika.

Injini ikakana kulira muli pamadzi

Ponyani nangula ngati pali posaya, kuti mphepo isakutengereni kumiyala muli kalikiliki ndi mawaya. Zimitsani firiji, inveta ndi zonse zosafunika, kusiya wailesi ndi mababu osonyeza boti ngati kuli mdima. Gwedezani mitu ya batire. Nthawi zambiri vuto limakhala mutu wokhwepa kapena wochita dzimbiri loyera, osati batire lenilenilo. Yezani mabatire onse awiri. Ngati la 1 lafooka koma la 2 lili bwino, lizirani pa 2 lokha. Musathamangire pa BOTH, chifukwa batire lakufa limayamwa moto wa lamoyo n'kutsitsa onse. BOTH imathandiza pamene onse awiri afooka pang'ono mofanana. Musapitirire masekondi 10 mukuzunguza sitata. Ipumitseni kaye musanayesenso. Injini ikalira pa 2, dikirani mphindi zingapo, kenako pitani pa BOTH kuti la 1 liyambe kulandira.

Onse akakhala pansi ndipo kuli dzuwa, zimitsani chilichonse, muisiye sola itchaje maola awiri kapena atatu, kenako yesaninso pa batire limene sola ikudyetsa. Injini za kumbuyo zambiri, ngakhale za kiyi, zimakhala ndi polowetsa chingwe chokokera pansi pa chivundikiro. Phunzirani kuchigwiritsa ntchito muli pagombe, ndipo chingwecho chizikhala m'bokosi la zida.

Pochotsa batire kuti mukalitchajitse kumtunda, masulani mayinasi poyamba, ndipo pobwezera mayinasi ikhale yomaliza, kuti sipanala ikakhudza chitsulo pasathetheke moto. Batire la asidi likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika, choncho bokosi lake likhale ndi potulukira mpweya pamwamba, lomangidwa kuti lisagubuduke pa mafunde a mwera, ndiponso lotalikirana ndi thanki ya petulo. Madzi ake owonjezera ndi a batire ogula, osati a m'nyanja. Mukamasiya boti kwa masabata angapo, tchajani onse awiri adzaze, swichi ikhale pa OFF, chingwe cha kumtunda chizulidwe ngati palibe woyang'anira, ndipo kwezani choyandama cha pampu ndi chala mumve ngati ikulira musanatseke chitseko.